Kodi bungwe la ziyankhulo la ku Mysuru limagwira ntchito yanji ku India?

Mayi wina amene amaphunzitsa sitandade 2 m'boma la Dedza watifunsa kuti: "Mwana wa achimwene anga ali pasukulu mumzinda wa Mysuru ku India. Akuti kufupi ndi kumene amagona kuli likulu la boma lofufuza ndi kuphunzitsa ziyankhulo za dzikolo, ndipo akuti anthu akumeneko sayankhula Chihindi chija timamva m'mafilimu. Ine ndinkayesa kuti Amwenye onse ali ndi Chimwenye chimodzi. Kodi bungwe limeneli limachita chiyani kwenikweni? Likuthandizadi, kapena ndi maofesi ongodyerako ndalama za boma?"

Zikomo aphunzitsi. Mwana wanuyo sanakunamizeni. Bungwelo dzina lake ndi Central Institute of Indian Languages, ambiri amangodula n'kumati CIIL, ndipo m'Chihindi limatchedwa Bharatiya Bhasha Sansthan. Lili m'dera la Manasagangotri, moyandikana ndi University of Mysore, ndipo linakhazikitsidwa pa 17 Julaye 1969 pansi pa unduna wa zamaphunziro wa boma lalikulu la ku New Delhi. Mzindawo kale unkalembedwa kuti Mysore. Kalembedwe ka Mysuru kanavomerezedwa mu 2014 potsata mmene eni nthaka amatchulira. Eni nthakawo amayankhula Chikannada, chiyankhulo cha chigawo cha Karnataka, chomwe ndi Chihindi sichinachokere m'mimba imodzi n'komwe.

Ndiyambe ndi Chimwenye mwatchulachi, chifukwa chiyankhulo chotero kulibe. Amwenye ambiri a m'masitolo a ku Limbe ndi ku Lilongwe makolo awo anachokera cha ku Gujarat, ndipo mukawamva akucheza paokha kuseri kwa kauntala, kawirikawiri chimakhala Chigujarati kapena Chikutchi. Munthu wa ku Chennai, kummwera kwa India, atafika pamenepo sangatolepo kanthu. Tengani mawu oti madzi. Wa Chihindi amati pani, wa Chibengali jol, wa Chikannada niru, wa Chimalayalam vellam, wa Chitamil tannir. Ziyankhulo za kumpoto monga Chihindi, Chibengali, Chimarathi ndi Chipunjabi ndi za fuko limodzi, ndipo zili pachibale chapatali ndi Chingerezi komanso Chipwitikizi. Za kummwera, Chitamil, Chitelugu, Chikannada ndi Chimalayalam, ndi za fuko lina lotchedwa Dravidian. M'mapiri a pakati ndi kummawa muli fuko lachitatu, la Chisantali ndi Chimundari. Kumalire ndi Myanmar ndi Tibet kuli lachinayi, ndipo pazilumba za Andaman pali tiziyankhulo tomwe sitifanana ndi china chilichonse mwa zimenezi. Pamwamba pa zonsezi, zilembo nazo n'zosiyana. Ife Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao timalemba ndi alifabeti imodzi, moti mwana wanu wa sitandade 2 akadziwa a, e, i, o, u, angathe kutchula mawu a Chiyao ngakhale sakuwamva. Kumeneko munthu wodziwa kuwerenga Chihindi akafika pa siteshoni ya basi ku Mysuru n'kuyang'ana chikwangwani cha Chikannada, amangoona ngati tizingwe topotanapotana.

Muuzeni mwanayo atulutse ndalama ya pepala m'thumba, kaya ndi 100 rupee, aitembenuze kumbuyo. Aona kabokosi kakang'ono momwe mtengo wa ndalamayo walembedwa m'ziyankhulo 15, mzere uliwonse ndi chake, kuyambira Chiassam pamwamba mpaka Chiurdu pansi. Muwonjezere Chihindi ndi Chingerezi zomwe zalembedwa moonekera, zikwana 17. Kabokosi kameneka sikanaikidwe pofuna kukongoletsa ndalama. Kakusonyeza kukula kwa nkhani ya ziyankhulo m'dzikomo, nkhani yomwe inautsa ndewu, ndipo bungwe mukufunsali linabadwa m'ndewu imeneyo.

Zinayenda chonchi. Malamulo oyendetsera dziko a India anayamba kugwira ntchito pa 26 Januwale 1950. Ndime 343 inati chiyankhulo cha ntchito za boma lalikulu chikhala Chihindi cholembedwa m'zilembo za Devanagari, ndipo Chingerezi chipitirira kwa zaka 15 zokha. Anthu akummwera anawerengera zala n'kuona kuti ikadzakwana 1965, mayeso olowera ntchito za boma adzakhala m'chiyankhulo chomwe mwana wa ku Lucknow, kumpoto, amayamwira kubere, pamene mwana wa ku Madurai, kummwera, adzachita kuchiphunzira ngati mlendo. Nkhani ya ziyankhulo inali itatentha kale. Mu Disembala 1952 bambo wina dzina lake Potti Sriramulu anamwalira atadzimana chakudya kwa masiku oposa 50 pofuna kuti oyankhula Chitelugu akhale ndi chigawo chawochawo, ndipo chaka chotsatira chigawo cha Andhra chinapangidwa. Mu 1956 malire a zigawo zambiri anadulidwanso potsata ziyankhulo. Ndiye itafika Januwale 1965, chigawo cha Madras, chomwe lero ndi Tamil Nadu, chinabuka. Ophunzira anadzaza misewu, apolisi anawombera, anthu ambiri anafa, ndipo ena anadzithira mafuta n'kudziyatsa okha. Nduna yaikulu Lal Bahadur Shastri anachita kupita pa wailesi kukalonjeza kuti Chingerezi sichichotsedwa. Mu 1967 lonjezolo linalowa m'lamulo, ndipo chaka chomwecho chipani cha Congress chinagwa pachisankho m'chigawocho. Kufikira lero sichinalamulirenso kumeneko.

Boma litapsa zala chonchi, linafuna njira yoti aliyense asenzeko katundu. Mfundo za maphunziro za 1968 zinakhazikitsa dongosolo la ziyankhulo zitatu. Mwana wa m'zigawo zoyankhula Chihindi aziphunzira Chihindi, Chingerezi ndi chiyankhulo china cha India, makamaka cha kummwera. Mwana wa m'zigawo zina aziphunzira chiyankhulo cha kwawo, Chingerezi ndi Chihindi. Papepala zinkaoneka zachilungamo. Koma inu monga mphunzitsi mwaona kale pamene pagona vuto: wophunzitsa Chitamil m'sukulu ya ku Uttar Pradesh, chigawo choyankhula Chihindi, achokera kuti? Buku lake alemba ndani? Mayeso akonza ndani? Chihindi chinali kale ndi likulu lake ku Agra, Chingerezi chinali ndi lake ku Hyderabad. Ziyankhulo zinazi zinalibe mwini ku boma lalikulu. CIIL inakhazikitsidwa kuti itseke dzenje limeneli, ndipo kuiika ku Mysuru, kummwera, kutali ndi Delhi, kunali ndi tanthauzo lake. Mkulu wake woyamba anali Debi Prasanna Pattanayak, katswiri wa ziyankhulo wochokera ku Odisha, munthu amene moyo wake wonse wakhala akulimbikira mfundo yoti kuchuluka kwa ziyankhulo si matenda ofunika mankhwala, ndiponso kuti mwana ayambe sukulu m'chiyankhulo cha amake.

Ntchito yoyamba, yomwe ndikuganiza kuti inu ikukhudzani kwambiri, ndi yosula aphunzitsi. Bungweli lili ndi nthambi zisanu ndi ziwiri. Ya ku Mysuru komweko imaphunzitsa ziyankhulo zinayi za kummwera zija. Ya ku Bhubaneswar ili ndi Chibengali, Chimaithili, Chiodia ndi Chisantali. Ku Pune kuli Chigujarati, Chikonkani, Chimarathi ndi Chisindhi, ku Patiala kuli Chidogri, Chikashmiri, Chipunjabi ndi Chiurdu, ndipo ku Guwahati kuli Chiassam, Chibodo, Chimanipuri ndi Chinepali. Nthambi za ku Solan ndi ku Lucknow n'za Chiurdu. Zonse pamodzi ziyankhulo 20. Mphunzitsi amasiya kalasi yake n'kupita kukakhala kumeneko miyezi 10, akuphunzira chiyankhulo chomwe sanachiyankhulepo chibadwire, ndipo amalandira kandalama kothandizira pamwezi. Lamulo lake n'lakuti usasankhe chiyankhulo chomwe umachidziwa kale.

Tayerekezani kuti mphunzitsiyo ndi mnzanu wa ku Rajasthan, kumpoto, wa zaka 40, yemwe wabwera kudzaphunzira Chikannada. Sabata zoyambirira amabwerera ku sitandade 1. Amakhala pa desiki akujambula zilembo zozungulira zija mobwerezabwereza mpaka dzanja kuwawa, akuphunzira mmene kachizindikiro ka vawelo kamamatirira pa konsonanti, nthawi zina pamwamba, nthawi zina pambali, ndi mmene konsonanti yachiwiri imachepera n'kukabisala kunsi kwa inzake. Kenako khutu. Chikannada chimasiyanitsa e wamfupi ndi e wamtali, o wamfupi ndi o wamtali, zomwe Chihindi sichichita, ndipo chili ndi l wachiwiri yemwe lilime limapindikira kumbuyo n'kukagunda kudenga kwa kamwa. Chihindi chimasiyanitsa mayina onse kukhala achimuna ndi achikazi, ngakhale tebulo ndi buku. Chikannada chimagawa mwina: mwamuna, mkazi, ndi zina zonse zosakhala anthu. Mawu ake amamangidwa pomata tizidutswa kumapeto kwa tsinde, motsatizana, ngati mmene ife timamatira kuti "sindinakakuuzeni", kungoti ife timamata zambiri kutsogolo, iwo kumbuyo. Akamaliza m'kalasi, mnzanuyo amatuluka kupita kumsika wa Devaraja kukagula nthochi, ndipo kumeneko ndi kumene amadziwa ngati waphunziradi kapena ayi. Chanzeru m'dongosololi ndi chimenechi, kuti nthambi zambiri anaziika pakati pa eni chiyankhulo.

Tsono funso lanu lachiwiri lija, lakuti zikuthandizadi, yankho lake pa mbali imeneyi silokoma. Mphunzitsi uja akabwerera kwawo, nthawi zambiri amapeza kuti pa ndandanda ya maphunziro palibe malo a Chikannada. Zigawo za kumpoto zambiri zinazemba mwaulemu: m'malo mwa chiyankhulo cha kummwera, zinasankha Chisanskrit, chiyankhulo chamakedzana cha m'mabuku, kukhala chachitatu. Chisanskrit n'cholemekezeka, zilembo zake n'zomwezo za Chihindi, mawu ambiri ndi ofanana, ana amakhoza mosavuta, ndipo palibe chifukwa chofunira mphunzitsi wa kutali. Nayo Tamil Nadu inakana poyera. Kuyambira 1968, pansi pa mtsogoleri wa boma la chigawocho, C. N. Annadurai, inati kwawo n'Chitamil ndi Chingerezi basi, ndipo sinasunthepo. Mkanganowo sunathe. Mu 2019 mawu okakamiza Chihindi anachotsedwa m'chikalata chokonzera mfundo zatsopano za maphunziro anthu akummwera atakwiya, ndipo mu 2025 boma la Tamil Nadu ndi boma lalikulu anakokananso kwambiri pa nkhani yomweyi, mpaka kukhudza ndalama za sukulu. Apa CIIL ilibe chochita. Sukulu zambiri zili m'manja mwa maboma a zigawo. Bungweli limalangiza, limaphunzitsa anthu, limalemba mabuku, koma silingalamule nduna ya chigawo kuti ilembe ntchito mphunzitsi wa Chitelugu. Woliimba mlandu pa kulephera kwa ziyankhulo zitatu ali ngati womenya mmisiri wosula makasu chifukwa choti mwini munda sanapite kukalima.

Kumene ine ndimaliona kuti lagwira ntchito yolemera ndi ku ziyankhulo zing'onozing'ono, za mitundu ya anthu a m'mapiri ndi m'nkhalango. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, akatswiri ake ankapita kumidzi ndi makina ojambulira mawu n'kukatulutsa mabuku atatuatatu pa chiyankhulo: la katchulidwe, la malamulo a chiyankhulo, ndi mtanthauziramawu. Ziyankhulo monga Chiao ndi Chiangami za ku Nagaland, kapena Chikuvi cha ku Odisha, zinafufuzidwa mwanjira imeneyi. Ndi ntchito yosaoneka ulemerero. Wofufuza amakhala pakhonde ndi agogo amodzi, ali ndi mndandanda wa mawu. Mutu mumati chiyani? Nanga mitu iwiri? Nanga mutu wanga, mutu wako? Agogowo akatchula, iye amalemba m'zilembo za akatswiri zosonyeza liwu lililonse, n'kupempha kuti abwerezenso. Akapeza mawu awiri osiyana liwu limodzi lokha koma matanthauzo awiri, monga kwathu "kupala" ndi "kuphala", amadziwa kuti maliwu awiriwo afunika kulembedwa mosiyana. Mawa lake amapita kwa agogo ena, omwe amatchula mwina, n'kunena kuti a dzulo aja chiyankhulocho sachidziwa. Patsiku angathe kutola mawu ochepa chabe odalirika. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zaka zimatha buku limodzi lisanatuluke.

Pamenepa pamabuka funso lomwe ife kuno sitilidziwa kwenikweni: chiyankhulo chosalembedwachi tichilembe ndi zilembo ziti? Akatswiri a ku Mysuru nthawi zambiri ankakonda zilembo za chigawo chomwe anthuwo akukhala, kuti mwana akadziwa kuwerenga chakwawo asavutike kuwolokera ku chiyankhulo cha sukulu. Anakonzanso njira yophunzitsira yoti m'kalasi yoyamba chiyankhulo cha kunyumba chitenge gawo lalikulu, kenako chaka ndi chaka chizichepa pamene cha chigawo chikukula. Kufupi ndi Mysuru komweko kuli anthu otchedwa Soliga ndi Jenu Kuruba (jenu ndi uchi m'Chikannada, pakuti anthuwa ndi akatswiri ofula njuchi), omwe ana awo amafika kusukulu akuyankhula zosiyana ndi za m'buku. Njirayi imathandiza ana otere kuti asathawe sukulu chaka choyamba. Koma ili ndi owitsutsa, ndipo ine ndimawamvetsa. Amati mlatho umenewu ngwowolokera mbali imodzi: cholinga chake n'chakuti pofika kalasi yachisanu mwana akhale atasiya chakwawo. Mitundu ina sinadikire kuti akatswiri aisankhire. Asantali ali ndi zilembo zawozawo zotchedwa Ol Chiki, zomwe Raghunath Murmu anapanga mu 1925, ndipo amazinyadira kwambiri, ngakhale kuti Chisantali chomwecho ena amachilemba m'zilembo za Chibengali, ena za Chiodia, ena za Devanagari, enanso za Chiroma ngati zathuzi.

Mwina mukufunsa kuti ziyankhulozo zilipo zingati. Yankho limadalira amene akuwerenga. George Grierson, yemwe anatsogolera kafukufuku wamkulu m'nthawi ya atsamunda n'kumaliza mu 1928, anapeza ziyankhulo 179 ndi nthambi zake 544. Kalembera wa 1961 analemba mayina 1,652 a ziyankhulo zoyamwira. Pa kalembera wa 2011 anthu anatchula mayina 19,569. Akuluakulu atasefa anatsala ndi 1,369, ndipo atazimanga m'magulu analengeza ziyankhulo 121. Kafukufuku wina wosakhala wa boma, yemwe anatsogolera G. N. Devy kuyambira 2010, anawerenga 780. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa. Kuyambira 1971, chiyankhulo chomwe eni ake sakwana 10,000 sichitchulidwa dzina m'zotsatira za kalembera, chimangoponyedwa m'thumba la "zina". Komanso ziyankhulo zikuluzikulu zingapo zimawerengedwa ngati nthambi za Chihindi. Akamati Chihindi chili ndi anthu 528 miliyoni, pafupifupi 44 pa 100 alionse, m'katimo muli anthu oposa 50 miliyoni oyankhula Chibhojpuri. Amenewo ndi ochuluka pafupifupi katatu kuposa Amalawi onse amene anawerengedwa mu 2018, koma m'buku la boma chiyankhulo chawo ndi kanthambi chabe.

Palinso mndandanda wa ziyankhulo zolemekezedwa m'malamulo oyendetsera dziko. Unayamba ndi 14. Chisindhi chinalowa mu 1967, Chikonkani, Chimanipuri ndi Chinepali mu 1992, ndipo Chibodo, Chidogri, Chimaithili ndi Chisantali zinavomerezedwa mu 2003, kukwanitsa 22. Kulowa m'menemo ndi nkhani ya mphamvu za ndale, si ya kuchuluka kwa anthu. Chisanskrit chilimo, chonsecho mu 2011 anthu amene anati ndicho chiyankhulo chawo choyamwira sanakwane 25,000. Chibhili chili ndi anthu oposa 10 miliyoni koma chili kunja. Chitulu cha m'mphepete mwa nyanja ku Karnataka komweko chakhala chikugogoda kwa zaka zambiri. Ndikukuuzani zimenezi kuti muone mpanda umene CIIL imagwiriramo ntchito. Ndalama, mayeso, mphotho za olemba ndi ntchito zimatsata mndandandawu, ndipo wokonza mndandanda ndi nyumba ya malamulo, osati akatswiri a ku Mysuru.

Za ziyankhulo zomwe zili pafupi kutha, boma linapatsa bungweli ntchito yapadera mu 2013, yoyang'ana makamaka zomwe eni ake sakwana 10,000, ndipo linayamba ndi mndandanda wa 117. Bungwe la UNESCO linali litawerenga kale ziyankhulo 197 za ku India zomwe zili pangozi, chiwerengero chachikulu kuposa cha dziko lina lililonse panthawiyo. Zimene amachita ndi zomwe ndafotokoza zija, kungoti masiku ano pali kamera ndi kompyuta: kujambula nthano, nyimbo za maliro ndi za ukwati, mayina a mitengo ndi mankhwala, kenako mtanthauziramawu wa zithunzi. Ine ntchitoyi ndimailemekeza, koma sindiitcha kupulumutsa chiyankhulo. Mu Januwale 2010 pazilumba za Andaman panamwalira mayi wina wokalamba, Boa Sr, yemwe anali womaliza kuyankhula Chibo. Katswiri Anvita Abbi wa ku Jawaharlal Nehru University anali atamujambula kwa zaka zingapo, moti mawu ake ndi nyimbo zake zilipo, mungathe kuzimvera. Koma kwa zaka zambiri asanamwalire, mayiyo analibe woyankhula naye Chibo. Zojambulazo zinasunga mawu ake monga mmene chithunzi cha pakhoma chimasungira nkhope ya malemu. Chiyankhulo chimafa pamene amayi aona kuti mwana wawo sadzapeza nacho ntchito ndipo ayamba kumuyankhula china, ndipo chiganizo chimenecho chimapangidwa pamoto madzulo, kumene wofufuza safikako.

Zaka zapitazi bungweli lasenzetsedwa akatundu ena ambiri, mwina ochuluka kuposa mutu wake. Kuli nthambi yomasulira mabuku a ku yunivesite kuchoka m'Chingerezi kupita m'ziyankhulo 22 zija, yomwe inayamba mu 2008, chifukwa wophunzira amene wachita sekondale yonse m'Chimarathi amakakumana ndi khoma akafika ku koleji. Kuli nthambi yokonza mayeso oyezera luso la chiyankhulo. Kuli za ziyankhulo zomwe boma linazipatsa ulemu woti n'zamakedzana: Chitamil mu 2004, Chisanskrit mu 2005, Chikannada ndi Chitelugu mu 2008, Chimalayalam mu 2013, Chiodia mu 2014, ndipo mu Okutobala 2024 anawonjezera zisanu n'kukwana 11. Apa ndale zimalowanso, chifukwa chigawo chilichonse chimafuna kuti likulu la chiyankhulo chake lichoke ku Mysuru lipite kwawo. La Chitamil linasamukira ku Chennai, la Chitelugu linapita ku Nellore. Za ulemu wamakedzanawu sindikhalitsapo, chifukwa m'kuona kwanga zimasangalatsa andale kuposa mmene zimathandizira mwana wa m'kalasi mwanu.

Yomwe ndikufuna muidziwe ndi nthambi yotchedwa LDC-IL, yomwe imasonkhanitsa nkhokwe za mawu kuti makina aphunzirirepo. Foni kuti imve munthu akuyankhula Chimaithili n'kulemba zomwe wanena, pamafunika maola ambirimbiri a mawu ojambulidwa: amuna ndi akazi, achinyamata ndi okalamba, a m'tauni ndi a kumudzi, ndipo pakhale munthu amene wakhala pansi n'kulemba liwu lililonse molondola. Pamafunikanso mamiliyoni a mawu olembedwa, ochokera m'nyuzipepala ndi m'mabuku, oyeretsedwa bwino, ena ataikidwa chizindikiro kuti ili ndi dzina, uyu ndi mneni. Makampani akuluakulu amachita zimenezi pa Chihindi kapena Chitamil chifukwa pali msika. Pa Chibodo kapena Chidogri phindu ndi lochepa, ndiye boma likapanda kuchita, palibe angachite. Ntchito ya agogo ndi kope la pakhonde ija yasanduka imeneyi. Mu 2016 anatsegulanso Bharatavani, malo a pa intaneti pomwe munthu angapeze kwaulere mitanthauziramawu, mabuku oyambira kuwerenga ndi zina m'ziyankhulo zambirimbiri za dzikolo.

Ndiye ndi ofesi yodyera ndalama? Ayi, sindingatero. Ndi bungwe laling'ono poyerekeza ndi dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni, ndipo limayenda pa liwiro la boma. Zina mwa zimene linapangidwira, makamaka zoti wakumpoto aphunzire chiyankhulo cha kummwera, sizinatheke monga ankafunira. Koma galamala yoyamba ya chiyankhulo cha anthu ochepa, buku loyamba la mwana wa m'nkhalango, nkhokwe ya mawu yomwe wopanga mapulogalamu a pafoni angagwiritse ntchito, zimenezi zilipo chifukwa panali anthu olipidwa mwezi ndi mwezi kuti azichite. Mfundo zatsopano za maphunziro za 2020 zikuti mwana aziphunzira m'chiyankhulo cha kunyumba kufikira kalasi yachisanu ngati n'kotheka, ndipo zikafika poti mabuku ake ali kuti, maso amatembenukiranso ku Mysuru.

Popeza ndinu mphunzitsi wa kuno, simungalephere kufanizira. Chaka cha 1968 chomwe India ankakhazikitsa ziyankhulo zitatu, ife tinatenga njira ina: msonkhano waukulu wa chipani cholamula unasankha Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu mpaka chinadzabwerera pa wailesi mu 1994. Chichewa Board, yomwe inakhazikitsidwa mu 1972, inali ya chiyankhulo chimodzi, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yake inali kuweruza kuti Chichewa cholondola ndi chiti. Centre for Language Studies ya ku Zomba, yomwe inalowa m'malo mwake mu 1996, ndiyo ikufananako ndi CIIL, chifukwa inapatsidwa ziyankhulo zonse za m'dziko muno, ndipo yagwirapo ntchito ya malamulo a kalembedwe ndi mitanthauziramawu. Nayonso inakumana ndi khoma lomwelija. Mu 1996 unduna unalamula kuti sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha m'dera lawo, koma mabuku a Chiyao, Chitumbuka, Chilhomwe ndi Chisena okwanira sanafike m'makalasi, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linadzaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Zimene zimachitika m'kalasi mwanu mwana akangoti kakasi mutayankhula Chingerezi, mukuzidziwa bwino ndinu kuposa ine.

Mwana wa achimwene anuyo ali ndi mwayi womwe ambirife tilibe. Tsiku lina akapeza mpata, alowe pachipata cha bungwelo pa msewu wa Hunsur, afunse kumene kuli laibulale ndi kumene amagulitsa mabuku awo. Akufunireni kabuku kamodzi koyambira kuwerenga ka chiyankhulo cha mtundu waung'ono, kaya simudzatha kuwerenga chilembo n'chimodzi chomwe. Mudzayang'ane mmene anasanjira masamba: chilembo chiti anayamba nacho, chithunzi chanji anaika pambali pake, ndi pa tsamba liti pamene chiyankhulo chachiwiri chikuyamba kulowerera. Ndipo iyeyo, m'malo modalira Chingerezi ndi tiChihindi ta m'mafilimu, aphunzireko Chikannada cha kumsika. Ayambe ndi namaskara popereka moni, kenako eshtu, kutanthauza kuti zingati, akamagula nthochi zija.